Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma la Salima: chilolezo chomangira sukulu chizifunsa za malata a asibesitosi

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Salima, Wapampando wa Khonsolo pamodzi ndi makhansala, olemekezeka aphungu a madera onse a m'boma lino, mabwana oyang'anira zomangamanga, zamaphunziro, zaumoyo ndi zachilengedwe pa khonsolo, ndi a Gogo Chalo athu onse,

Landirani moni wanga. Ine ndine kholo la ana a pulaimale m'boma lino, ndipo ndinatumikirapo mu komiti ya sukulu. Ndasankha kulemba poyera m'malo modzagogoda pa ofesi imodzi, chifukwa nkhani ndabwera nayoyi ikukhudza maofesi anu onse, ndipo ikangosiyidwa pa tebulo la mmodzi idzasowa mwini. Pempho langa ndi ili: m'boma la Salima musayambike ntchito yomanga, yokonza kapena yogwetsa mdadada wa sukulu popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo chilolezocho chisamatuluke mpaka atayankhidwa mafunso awiri, loti denga lakalelo ndi la chiyani, ndi loti likatsitsidwa lipita kuti.

Malata ndikunenawa mumawadziwa. Ndi aja otuwa, okhuthala, olemera, osachita dzimbiri, osasokosa mvula ikamagwa. Zaka zapitazo anafolera nyumba zambiri za boma, za aphunzitsi, zipatala ndi masukulu. Anthu ankawakonda, ndipo anali ndi chifukwa. Kunyanja kuno Okutobala akafika, kalasi ya malata wamba imatentha moti ana amayamba kuwodzera 11 koloko isanakwane, pamene ya asibesitosi imakhala yozizirirako. Sindikunyoza amene anafolera, anagula chimene chinkaoneka chabwino pa nthawiyo. Malatawa amapangidwa ndi simenti yosakaniza ndi ulusi wa mwala wokumbidwa m'migodi wotchedwa asibesitosi, ndipo ulusiwo umakhala magawo 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse. Umapezekanso m'masiling'i ena akale, m'mapaipi a madzi ndi m'matanki.

Vuto lili mu ulusiwo. Lata likathyoka, likabooledwa, likadulidwa ndi sowo kapena galayindala, ngakhale likangofumbutuka ndi ukalamba, timaulusi timeneti timauluka mumpweya. N'tating'ono moti maso sationa, ndipo tikalowa m'mapapo timakhazikika momwemo, thupi silitha kutisungunula. Chitedze tonse timachidziwa: ukangodutsa pansi pake umayamba kudzikanda pomwepo, mawa lake sudzeranso njira imeneyo. Fumbi la asibesitosi siliyabwa, silinunkha, silitsamwitsa kuposa fumbi lina lililonse. Munthu amapita kwawo ali bwinobwino, matenda n'kudzaonekera patatha zaka 20, 30, ngakhale 40.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena mosapita m'mbali kuti mitundu yonse ya asibesitosi, kuphatikizapo woyera uja amene ali m'malata, imayambitsa khansa. Pali khansa ya m'mapapo, ya pakholingo, ya ziwalo zopanga mazira mwa amayi, ndi ina yotchedwa mesothelioma, imene imagwira kachikopa kokuta mapapo ndipo mpaka lero ilibe mankhwala ochiritsiratu. Palinso matenda a asbestosis, oumitsa mapapo, moti munthu amachita wefuwefu atangoyenda kuchoka pakhonde kukafika kubafa. Bungwe lomwelo limawerengera kuti anthu opitirira 200,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chopuma fumbili pa ntchito. Kwa wosuta fodya, ngozi ya khansa ya m'mapapo imachita kuwirikiza.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi ana. Mu 2013 komiti ya akatswiri yolangiza boma la UK pa za khansa inawerengera kuti mwana amene wayamba kupuma fumbili ali ndi zaka 5 ali pa chiopsezo cha mesothelioma chowirikiza pafupifupi kasanu poyerekeza ndi munthu amene wayamba ali ndi zaka 30. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, mwanayo ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti matendawo akhwimire m'thupi. Mtsikana wa Sitandade 2 lero akadzayamba kutsokomola ndi kubanika ali mayi wa zaka 45, ndani adzakumbuke denga la kusukulu? Adzamuyeza TB, adzamupatsa mankhwala, adzamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo kumudzi abale adzayamba kuloza chala gogo wina kuti ndiye wamulodza.

Ndisakuopsezeni mopitirira muyeso. Lata limene lili lathunthu pamwamba, losang'aluka, losagwidwagwidwa, silitulutsa fumbi lambiri, ndipo akatswiri omwe amavomereza kuti nthawi zina kulisiya pomwepo n'kumaliyang'anira n'kwabwino kusiyana ndi kulichotsa mosasamala. Tsiku loopsa ndi tsiku la ntchito, pamene mmisiri wakwera ndi hamala. N'chifukwa chake nkhani ya asibesitosi ndaimangirira ku chilolezo, pakuti chilolezo ndi pokhapo pamene khonsolo ingakumane ndi ntchitoyo hamala isanagunde.

Ndinene zimene ndinaona ndi maso anga pa sukulu ina m'boma lino, imene sinditchula chifukwa mlandu si wa sukuluyo. Panabwera thandizo lochotsa denga lakale pa mdadada wa makalasi awiri n'kuikapo malata atsopano, ndipo mudzi wonse unakondwa. Anyamata aganyu anakwera pamwamba opanda kanthu kumphuno, ena atavula malaya chifukwa cha dzuwa. Mabawuti anali atagwira dzimbiri, ndiye m'malo molimbana nawo ankangomenya lata ndi hamala mozungulira bawutiyo, lata n'kung'aluka, iwo n'kulikankhira pansi. Likagwa linkaphwanyika, kafumbi kotuwa n'kutuluka. Sukulu inali isanatsekere. Makalasi osamutsidwawo ankaphunzira pansi pa mtengo wa mango chapafupi pomwepo, ndipo belu la buleki litalira ana onse anathamangira kudzaonerera.

Pofika madzulo mulu uja unali utachepa. Zidutswa zikuluzikulu zinapita kumudzi pamutu ndi panjinga, wina kukafolera khola la mbuzi, wina kukatchinga bafa, wina kukavindikira dzenje la chimbudzi. Atsikana anatola tizidutswa tafulati n'kumatinola pa sitepe ya simenti kuti tisalale, tikhale tosewerera phada. Anyamata anatulukira kuti kachidutswa ukakaponya pamoto kamaphulika, ndiye ankapikisana kuponya pa moto wa zinyalala kuseri kwa makalasi. M'mawa mwake, monga mwa masiku onse, ana anafika ndi matsache awo n'kusesa bwalo lonse lili louma, fumbi koboo, aphunzitsi ataima pomwepo akuwayang'anira. Palibe amene anachita zimenezi mwa nkhanza. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atauzidwapo.

Komatu ntchito imeneyo inadutsa m'manja mwa anthu ophunzira. Wina analemba mndandanda wa zipangizo, wina anasaina cheke, wina anabwera kudzajambula zithunzi tsiku lopereka. Pa mapepala onsewo panalibe mzere ndi umodzi womwe wofunsa za denga lakale. Mzere umenewo ndi umene ndikupempha.

Malamulo oti muimirepo alipo kale. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1988, linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, kutanthauza kuti nkhani ya chilolezo sinathere m'tauni mokha, ikukhudza Chipoka, Thavite, Lifuwu ndi Ngodzi monga ikukhudzira pa Kamuzu Road. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndipo limakamba za zinyalala zoopsa. Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito limasenzetsa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limakupatsani inu makhansala mphamvu yopanga malamulo anuanu a m'boma. Ndipo tinaona mu 2018 boma likuletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zina zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo. Panali kudandaula, koma lero midadada yatsopano ikukwera ndi mabuloko a simenti. Ngati zinatheka chifukwa cha mitengo, zingakanike bwanji chifukwa cha mapapo a ana?

Tinene zoona za momwe midadada yambiri imamangidwira kumudzi kuno. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, takhala tikuthamangitsana ndi kuchepa kwa makalasi. Amfumu amaitana anthu, mudzi uliwonse umapatsidwa gawo lake la mchenga, miyala ndi madzi, mmisiri amakhala wa m'mudzi momwemo amene watchula mtengo wotsika, simenti imachokera kwa aphungu, ku mpingo kapena kwa mlendo wakufuna kwabwino amene anadzacheza ku Senga Bay n'kumva chisoni. Chitukuko chotere ndimachilemekeza kwambiri, chifukwa popanda icho ana ambiri akanakhalabe pansi pa mitengo. Koma pulani imakhala m'mutu mwa mmisiri. Simenti ikachepa amachepetsa m'maziko, poti m'maziko simuoneka, ndipo ofesi ya zomangamanga imadzamva mdadada utatha kale.

Salima si malo omangapo mwachisawawa. Akuluakulu akukumbukira chivomerezi cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pokhala kuno ndi m'maboma oyandikana nafe. Tikadali m'chigwa chomwecho, ndipo chivomerezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chinatikumbutsa. Dothi la makande limatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, khoma la maziko osaya n'kung'ambikira limodzi. Mitsinje ya Linthipe ndi Lifidzi ikadzaza imalowa m'midzi. Mvula yoyamba imabwera ndi mphepo yosasula madenga chaka ndi chaka. Ndipo dziko lonse linalira mu Juni 2018 pamene khoma la kalasi linagwa pa sukulu ya Natchengwa ku Zomba n'kupha ana anayi. Choncho ndikati chilolezo sindikunena chidindo pa pepala. Ndikunena munthu wodziwa ntchito amene wafika pamalo, wayeza kuya kwa maziko konkire asanathiridwe, waona zitsulo za m'bimu, wakwera n'kuona ngati mitanda ya denga yamangiriridwa kukhoma ndi waya kapena yangosanjikidwa.

Anthu sathawa chilolezo chifukwa cha mwano ayi. Komiti ya sukulu ya kwa Mwanza kapena kwa Kambalame ikafuna chilolezo iyenera kusonkha ya kabaza ndi ya minibasi kukafika kuboma, kukapeza bwana ali kumsonkhano, kubwerera, kupitanso, kenako kumva kuti pakufunika pulani yojambulidwa ndi katswiri, imene mtengo wake ungagule matumba angapo a simenti. Ikaganiza za ana amene akunyowa ndi mvula, imangoyamba kukumba maziko. Ndiye ngati mukufuna kuti tizibwera, titsegulireni khomo. Chilolezo cha mdadada wa sukulu ya boma womangidwa ndi anthu a m'mudzi chikhale chaulere. Mapulani ovomerezeka a Unduna wa Zamaphunziro azipezeka pa TDC (likulu la zoni ya masukulu) iliyonse kuti komiti izingotenga. Fomu ikhale ya tsamba limodzi, ya m'Chichewa, ndipo a PEA, alangizi a masukulu a pulaimale m'zoni, azitha kuilandira n'kupita nayo kuboma. Muike masiku oti yankho likhale litatuluka, muwalembe pa bolodi kuti tonse tiziwerenga. Mafuta a njinga yamoto ya woyendera ntchito alowe mu bajeti ya ntchitoyo kuyambira pachiyambi, kuti tisamamve zoti mafuta kulibe pamene konkire wauma kale, komanso kuti woyenderayo asamadalire kontilakitala yemwe akukamuyenderayo kuti amunyamule ndi kumugulira nkhomaliro.

Olemekezeka aphungu, pano ndilankhule nanu mwachindunji. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, zamanga makalasi ambiri ndipo tikuthokoza. Koma ntchito ya ndalama za boma ikamalumpha chilolezo chifukwa cha changu choti anthu aone msanga, khonsolo imasowa nkhope yodzudzulira mwini sukulu ya pulaiveti amene wasandutsa golosale yakale kukhala kalasi. Yambani ndinu. Mabungwe ndi mipingo azidzera khomo lomwelo ngakhale atabwera ndi ndalama zochuluka bwanji, chifukwa wopereka mphatso amapita, ana amatsala pansi pa dengalo, ndipo ana amenewo ndi a khonsolo. M'makalata oitanira makontilakitala mulembemonso kuti pa sukulu pasafike chipangizo chilichonse cha asibesitosi, chatsopano kapena chakale chochotsedwa kwina.

Tsopano za kaundula wa nyumba za sukulu zimene zili ndi malata amenewa, chifukwa simungateteze ana ku denga limene simukudziwa kuti lili pati. Ku America lamulo la 1986 linakakamiza masukulu kufufuza asibesitosi m'nyumba zawo, kulemba pamene ali, kusunga ndondomeko yoti kholo lililonse likhoza kuiona, ndi kuyenderanso zaka zitatu zilizonse. UK inaletseratu asibesitosi mu 1999. Anzathu a ku Mozambique, amene tagawana nawo nyanja, analetsa mu 2010. South Africa inaletsa mu 2008, ndipo mu 2013 inalamula kuti masukulu omangidwa ndi asibesitosi, matope ndi zina zosayenera amangidwenso pasanathe zaka zitatu. Zaka zitatuzo zinatha ntchito isanathe, ndipo ndatchula dala zimenezi kuti nafenso tisayambire pa kulonjeza tsiku pamene sitinawerenge n'komwe madenga athu.

Kaundula wathu safuna ndalama zambiri. A PEA amayendera masukulu kale, ahedi amadzaza mafomu a kalembera wa sukulu chaka chilichonse, ndipo foni yojambula sisowa pakati pa aphunzitsi. Afunsidwe kuti ndi nyumba ziti zili ndi malata amenewa, kaya kalasi, ofesi, nyumba ya mphunzitsi, khitchini yophikira phala kapena chimbudzi; ngati malatawo ali bwino, ang'aluka kapena akufumbutuka; ngati siling'i ili ya zomwezo; ngati kuseri kuli mulu wa zidutswa umene unasiyidwa kale. N'zoona kuti si lata lililonse lotuwa limene lili ndi asibesitosi, masiku ano amapanga ena ofanana nawo ndi ulusi wina, ndipo diso lokha silingasiyanitse. Pa nyumba yakale tizingoti ali nawo mpaka atayezedwa, ndipo za kuyezazo mukambirane ndi a MEPA ndi a Malawi Bureau of Standards. Nyumba iliyonse yolowa m'kaundula ilembedwe chizindikiro ndi penti pakhoma, kuti mmisiri wobwera mawa, ngakhale wongodzaika sola kapena waya wa magetsi, adziwe asanaboole. Kope limodzi likhale mu ofesi ya ahedi, lina kwa komiti, lina ku khonsolo, pakuti ahedi amasamutsidwa ndipo zimene zili m'mutu mwawo zimasamuka nawo.

Tsiku lotsitsa denga lotere likafika, chilolezo chinene momveka zoyenera kuchita, ndipo zilembedwe mu kontilakiti kuti wophwanya asalandire ndalama yake yomaliza. Ntchito igwiridwe pa holide, ana kulibe, malo atatchingidwa. Malata anyowetsedwe kaye, chifukwa lata lonyowa silitulutsa fumbi lambiri. Mabawuti amasulidwe kapena adulidwe okha, lata litsike lathunthu pa zingwe kapena m'manja, osaponya. Galayindala, dirilo ndi burashi ya waya zisayandikire. Amisiri ayale matabwa oti azipondapo, chifukwa lata lakale limabooka pansi pa munthu mosachenjeza. Avale zotchinga mphuno zenizeni za mtundu wa P3 kapena FFP3, osati kansalu kaja tinkavala nthawi ya Covid-19, ndi maovolosi oti akaweruka asapite nawo kunyumba. Mayi amene akukung'untha ndi kuchapa zovala za mwamuna wake amapuma fumbi lomwelo, ndipo m'maiko ena akazi a antchito adwalapo mesothelioma mwa njira imeneyi osapondako n'komwe kuntchitoko. Pansi payalidwe mapepala a pulasitiki, zotsalira zitoledwe ndi nsanza zonyowa, tsache lisagwire. Zonse zikulungidwe kawiri m'mapepala a pulasitiki okhuthala, zilembedwe, zinyamulidwe.

Zinyamulidwe kupita kuti? Funso limeneli ndi lanu, a Bwanamkubwa, kontilakitala sangaliyankhe yekha. Khonsolo ikapanda kuloza malo, adzataya m'dambo, m'mbali mwa msewu wa M5, kapena m'dzenje limene anthu anakumbamo dothi la njerwa, momwe ana amasambira m'dzinja. Patulani malo amodzi, ovomerezedwa ndi a MEPA, kutali ndi nyanja, mitsinje ndi minda, pokumba dzenje lakuya, kukwirira, kutchinga, ndi kulemba pa mapu a khonsolo kuti mdzukulu wathu asadzakumbepo maziko. Kontilakitala azibwera ndi kalata yosonyeza kuti malata amene anawerengedwa potsitsa ndi omwewo amene afika kudzenje.

Pali chiyeso china chimene ndikuchidziwa bwino monga munthu wa mu komiti. Malata akale ndi ndalama. Sukulu ilibe choko, mlonda sanalandire miyezi ingapo, ndipo pabwalo pali mulu wa malata amene anthu akufunsa kale mtengo. Ogula ake amakhala osauka amene sangakwanitse malata atsopano, ndipo akafika nawo kwawo amawadula ndi sowo kuti akwane pa kanyumba kawo, ana ali pomwepo akugwirira. Letsani kugulitsa ndi kugawa malata amenewa. A Gogo Chalo, uthengawu ukachokera pakamwa panu ndi pa mafumu anu, pa maliro ndi pa misonkhano ya chitukuko, anthu adzaumva kusiyana ndi chikalata chochokera kuboma. Amene ali nawo kale pakhomo muwauze kuti asachite mantha n'kuyamba kuswa. Awasiye momwe alili, asawadule, asawakweche, asawaotche, asayanikepo ufa, usipa kapena chinangwa, ndipo ana asaseweretse zidutswa zake.

Za amisiri zimandikhudza mwapadera. Ambiri a ife tinakula tikuona agogo obwera ku Wenela ndi ku TEBA akutsokomola mpaka kulowa m'manda, ndipo ena amene analowera ku Zimbabwe anagwirako ntchito m'migodi ya asibesitosi ya ku Zvishavane ndi Mashava. Iwo anapuma fumbi m'dziko la eni popanda wowauza. Sizingakhale bwino kuti adzukulu awo apume lomwelo pakhomo, pa ganyu ya masiku ochepa, ife tikudziwa. Tili ndi Salima Technical College ku Senga Bay, tilinso ndi bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA. Kagulu ka amisiri a m'boma lino kataphunzitsidwa kutsitsa malata amenewa, khonsolo ikhoza kugamula kuti ntchito yotere izipatsidwa kwa okhawo, anyamata athu n'kupezapo pogwira. A zaumoyo nanu, wodwala chifuwa chosatha amene TB sinapezeke muzimufunsako ntchito imene ankagwira ali mnyamata, n'kulemba.

Mphepo yokha ndi imene sipempha chilolezo. Denga likasasuka usiku, m'mawa ahedi amaimba foni, a komiti ya zangozi amabwera kudzalemba, lipoti limapita ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo anthu achifundo amayamba kutola zidutswa ndi manja, ana akuthandiza. Pa fomu ya lipotilo onjezerani funso la mtundu wa denga. Ahedi a masukulu onse a m'kaundula auzidwiretu zoti achite m'maola oyamba: kuchotsapo ana, kuzinga malo ndi chingwe, kuwaza madzi pa zidutswa, kuvindikira ndi lona kapena pulasitiki, kudikira odziwa. Kumbukiraninso kuti madzi akasefukira, monga zinawachitikira anansi athu a ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota kumayambiriro kwa 2024, anthu amathawira m'makalasi n'kugona momwemo masabata, makanda ndi nkhalamba zomwe. Posankha masukulu oti akhale misasa, kaundula uja ayambe waonedwa.

Ndikudziwa yankho limene ena a inu muli nalo kale pamtima: kalasi imodzi muli ana opitirira 100, madesiki kulibe, zimbudzi zikugwa, ndiye tiyambe kudandaula za fumbi losaoneka? Funsolo n'loona ndipo sindikulipeputsa, ana anga omwe akhalapo pansi m'kalasi zotere. N'chifukwa chake sindikupempha kuti musasule madenga onse chaka chino n'kubwezera ana pansi pa mitengo. Yambani ndi ong'aluka ndi ofumbutuka, ndi milu imene ili kale pansi. Madenga abwino akhale, aziyenderedwa, adzachotsedwe ntchito yokonza ikadzafika. Mapepala a pulasitiki, zotchinga mphuno, madzi ndi ulendo wa lole kupita kudzenje ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa mdadada wonse, ndipo wothandiza aliyense angalipire ngati zalembedwa pa mndandanda wa zipangizo kuyambira pachiyambi. Zimavuta pamene zatulukira ntchito ili mkati, ndalama zitagawidwa kale.

Ndikupempha, a Wapampando, kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wotsatira wa khonsolo yonse, ndipo a PEA ayambe kulemba kaundula m'teremu ino mvula yoyamba isanagwe. Mpaka malo otayirako atapezeka, a Bwanamkubwa tumizani kalata kwa ahedi onse ndi makomiti yoimitsa kutsitsa denga lililonse la malata amenewa. Zimene mwagwirizana muzipachike pa mabolodi a ma TDC ndi pa ofesi ya khonsolo, muzilengezenso pa wailesi ya Chisomo kuti makolo a kumudzi amve, ndipo mutiuze ofesi imene komiti ingaimbire foni ikakhala ndi mulu wa zidutswa kuseri kwa kalasi lero lino.

Ine wanu,
Kholo komanso membala wakale wa komiti ya sukulu,
Salima